Agogo akayamba kuiwalaiwala, onani kaye m'mbale mwawo

Agogo akaiwala mphika pamoto kapena kusochera pochokera kudimba, timati ndi ukalamba. Akapezeka usiku pakhomo la eni asakudziwa kumene ali, mawu amasintha: akuti mfiti yagwa. Lamulo la Zambia limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma nkhalamba zambiri zazunzika chifukwa cha matenda amene madokotala amawatcha dementia. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa.

Mtundu wake wofala, wa Alzheimer's, ulibe mankhwala ochiza. Koma si kuiwala konse komwe kuli kotero. Kwina kumachokera m'mbale, ndipo kumeneko kumachizika.

Nsima ya ufa woyera imakhutitsa, koma mugaga amene timapatsa nkhumba mumapita mavitamini ambiri. Munthu wodya nsima ndi masamba owiritsa okha miyezi yambiri, monga zimakhalira mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikatha, angadwale pellagra. Khungu limada ndi kusupuka pamene pamawomba dzuwa, m'mimba mumatsegula, kenaka mutu umasokonezeka. Chosowacho ndi vitamini B3, ndipo nsawawa, zomwe timalima kwambiri ku Katete, Sinda ndi Vubwi, zili nayo yochuluka. Chodandaulitsa n'chakuti zambiri zimapita kwa ogula mbewu m'mbali mwa msewu wa Great East, nsinjiro yotendera nkhwani osatsala.

Wina ndi vitamini B12, amene akasowa mapazi amachita dzanzi ndipo nzeru zimazirala. Amapezeka m'mazira, mkaka, kapenta ndi nyama, ngakhale mbewa zomwe a ku Lusaka amatiseka nazo. Mimba ya munthu wokalamba siyamwa bwino vitaminiyu, mano nawo atha. Kapenta wosinja wothira m'phala amathandiza.

Ku boma kapena ku Lusaka vuto ndi lina. Agogo amene ana awo awatengera kutauni amadya bwino, koma khasu alisiya, anzawo ocheza nawo palibe, tsiku lonse ali pampando. Mchere, shuga ndi BP yokwera zimawononga timitsempha ta mu ubongo mwakachetechete, nthawi zina mpaka sitiroko. Kuyezetsa BP kukiliniki kapena ku chipatala cha St Francis kumatenga mphindi zochepa.

Katete ili ndi mbiri yake pankhani yothandiza okalamba. Mu 2007 boma linasankha dera lino poyesa kupereka ndalama kwa aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo. Ndalama yotereyi, ya Social Cash Transfer, ndi yochepa, koma agogo akaigwira okha amagula dzira, sopo ndi kulipira njinga ya kuchipatala osapempha munthu. Achibale amene amawalanda ndalamayi ati "tikusungireni" amawalandanso mwayi wowerengera ndi kusankha okha, zinthu zomwe ubongo umafunika kumachita tsiku ndi tsiku.