Nthano za chikondi za Chikhristu: za ku Ireland ndi zakwathu kuno

Amene amakonda kufufuza m'milu ya mabuku akale ogulitsidwa m'mbali mwa misewu ku Old Town, mu mzinda wathu wa Lilongwe, akudziwa kuti ambiri mwa mabukuwa ndi nthano zazitali za chikondi zolembedwa m'Chingerezi. Pakati pa nthano za mtunduwu pali zina zolembedwa ndi akhristu, zosimba za nthawi yamakedzana. Popeza makolo ndi akatekisiti amafuna kudziwa ngati n'koyenera kuti achinyamata aziwerenga zotere, taganiza zofotokoza chiyambi chake, ndiponso kukumbutsana kuti nafenso tili ndi zathu.

Nthano zimenezi zidayamba kufala kwambiri m'chaka cha 1979, pamene mayi Janette Oke a ku Canada adatulutsa buku lotchedwa Love Comes Softly. Kalembedwe kake sikasintha kwenikweni: mwamuna ndi mkazi amakumana pa nthawi ya mavuto, amayesedwa ndi umphawi kapena imfa ya wachibale, amaphunzira kukhululuka ndi kudalira Mulungu, ndipo pamapeto pake amamanga banja. Zolaula simupezekamo. Olemba ena amakonda kuika nthano zawo m'midzi ya ku Ireland. Mwachitsanzo, buku la mayi Jennifer Deibel lotchedwa Heart of the Glen, lotuluka mu 2025, likusimba za mwamuna wa m'chigawo cha Donegal amene amaweta nkhosa ndi kuomba nsalu za ubweya.

Mbiri imene ili kuseri kwa nthanozi ndi yoona, ndipo ndi yowawa. Mu 1699 nyumba ya malamulo ya ku England idaletsa anthu a ku Ireland kugulitsa nsalu zawo za ubweya ku maiko ena, motero oomba nsalu ambiri adasauka. Kuyambira 1845 mpaka 1852 matenda adagwira mbatata ya kachewere, imene idali chakudya chenicheni cha osauka monga chilili chimanga kwa ife. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adafa, ndipo enanso miliyoni adathawira kunja. Nkhosa nazo sizidali dalitso kwa aliyense, pakuti eni minda ikuluikulu adaona kuti zimapindulitsa kuposa alimi obwereka malo. Mu Epulo 1861, ku Derryveagh m'chigawo chomwecho cha Donegal, mwini malo John George Adair adathamangitsa anthu 244 ndi kugwetsa nyumba zawo. Mmalawi amene adamva kwa agogo ake za thangata kapena za njala ya 1949 sangavutike kumvetsa zimenezi. Tikumbukirenso kuti Patrick Woyera, nkhoswe ya parishi ya ku Area 18, adakhala zaka 6 ali kapolo woweta ziweto ku Ireland komweko, ndipo n'kubusako kumene adaphunzira kupemphera.

Komabe woŵerenga asaiwale zinthu ziwiri. Choyamba, ambiri mwa mabukuwa amasindikizidwa ku America ndi makampani a akhristu a mipingo ina, monga Bethany House ndi Revell. N'chifukwa chake chikhulupiriro chimaoneka kawirikawiri ngati pemphero la munthu payekha, pamene alimi enieni a kumadzulo kwa Ireland adali Akatolika, amene makolo awo ankachita Misa mobisala pa miyala ya kuthengo m'nthawi ya malamulo ozunza Eklezia. Chachiwiri, nthano imathera pa tsiku la ukwati, pamene ife timaphunzitsa kuti sakramenti la ukwati limayambira pomwepo. Tikuona kuti mabukuwa sali oipa, koma wachinyamata amene akuwawerenga akusowa wamkulu wokambirana naye.

Kwathu kuno, buku loyandikira kwambiri mtundu umenewu lidalembedwa kale Janette Oke asadabadwe. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma m'boma lomwe lino la Lilongwe, adalemba Nthondo, buku limene lidapata mphotho mu 1933 pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London. M'busa T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa. Bukuli limatsata moyo wa Mchewa mmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa: ubwana wake wa m'mudzi, makhalidwe ake okhota, ulendo wake wokafuna ntchito kutali, kubwerera kwake, ufumu wake, ndi kutembenuka mtima kwake. Si nthano ya chibwenzi ayi, ndipo malemu Ntara sadali Mkatolika. Koma adachita chimene olemba za ku Ireland amachita: adaika Uthenga Wabwino pakati pa minda, maliro, milandu ya pabwalo ndi mabanja a anthu wamba, ndipo adatero m'Chichewa chokoma.

Chotidandaulitsa n'chakuti njira imene iwo adalambula yayamba kumera udzu. Nkhani zoti tilembe zilipo zambiri. Nafenso tidali ndi oomba nsalu: David Livingstone atafika ku chigwa cha Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima thonje ndi kuomba nsalu zawo. Tili ndi mbiri ya mabanja oyamba kudalitsidwa ku Mua, kumene ansembe a White Fathers adafika mu 1902. Ya amayi amene adadikira amuna awo opita ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale. Ya akatekisiti oyenda wapansi mitunda italiitali, akazi awo atatsala ndi khasu ndi ana.

Tikupempha tsono akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati kuti akhale pansi ndi okalamba a m'parishi zawo, amene akhala m'banja zaka 40 kapena 50, ndi kulemba zimene akusimba asadatisiye. Achinyamata amene ali ndi mphatso yolemba adzapeza pamenepo poyambira, ndipo okonzekera ukwati adzamva m'chilankhulo chawo mmene agogo awo adasungira malonjezo pa nthawi ya njala ndi ya matenda.