Chishango cha ku Mycenae, mantha a ku Ntchisi

Buku la Nicolas Grguric, The Mycenaeans, la mu 2005, ndinalitola pa kaunjika wa mabuku ku Mponela. Zinandikoka ndi zojambula za Angus McBride: ankhondo a ku Greece wamakedzana atavala zisoti zosokerera mano a nguluwe, wina atadzikuta mkuwa thupi lonse ngati chovala chija anafukula ku Dendra mu 1960.

Agogo atasuzumira, anangoloza chishango cha chikopa cha ng'ombe. "Aa, si Angoni a kwa Chiwere awa?"

Ine ndinaseka, iwo ayi. Anayamba kukamba zomwe ankamva ali mtsikana: Achewa kuthawira m'nkhalango ya phiri la Ntchisi, nkhokwe zodzaza kuzisiya m'mbuyo, mayi kutseka khanda pakamwa kuti lisawaulule.

Apa m'pamene bukuli linandichepera. Za mikondo, malupanga ndi magaleta, mudzawerenga mpaka kukhuta, ndipo ndikuti ligwireni mukalipeza. Koma diso lake lonse lili pa mwini mkondo. Wothawa uja, amene ine ndine mdzukulu wake, sanamuwerengere.

Loweruka ndikukwera ya ku Mvera, foni itadzaza moto, ndikajambule mawu a achemwali awo a agogo akadalipo.