TIMIZELE TAKUDA TA PA KATUNDU: KODI TINENA CIANI?

Munthu akagula sopo, shuga kapena saladi m'sitolo yaikulu ku Chipata, wogulitsa sayang'ananso mtengo m'buku. Amangopititsa katunduyo pa kamakina kowala, kamakinako nkulila, ndipo mtengo uonekela pomwepo. Cimene kamakinako kawelenga ndi timizele takuda tija tokhala pa cikuto, timene pa Cingelezi ticedwa barcode.

Nzelu imeneyi inayambila ku America. Bambo Norman Joseph Woodland, ali m'mbali mwa nyanja ku Miami, anakoka zala zao mumcenga, naona kuti mizele yonenepa ndi yoonda ingathe kuimila manambala. Iwo ndi anzao a Bernard Silver analandila cikalata ca umwini wa nzeluyo mu 1952, koma katundu woyamba kugulitsidwa mwa njila iyi anali paketi ya chingamu ya Wrigley, pa 26 June 1974, m'tauni ya Troy ku Ohio.

Mitundu yake ilipo yambili. Wa ku America, wochedwa UPC, uli ndi manambala 12. Umene upezeka kwambili m'masitolo a m'Zambia ndi EAN-13, wa manambala 13 olembedwa kunsi kwa timizeleto. Nambala yothela ndi mlonda wa zinzake: ngati makina awelenga molakwa, masamu sagwilizana ndipo makinawo akana. Manambala atatu oyamba asonyeza dziko kumene kampani inalembetsa nambala yake. 600 ndi 601 ndi South Africa, 690 kufikila 699 ndi China, pamene 978 aimila mabuku. Ambili aganiza kuti kumeneko ndiye kumene katundu anapangidwa, koma si nthawi zonse ai.

Palinso mtundu wa mbali zinai wooneka ngati timadontho, wochedwa QR, umene kampani ya Denso Wave ya ku Japan inapanga mu 1994 pofuna kulondola zitsulo za galimoto m'fakitale. Uwu usunga manambala oposa 7,000, uwelengedwa ndi foni, ndipo uwelengekabe ngakhale mbali ina itafufutika. Mbale wake wamng'ono, Data Matrix, apezeka pa mabokosi ena a mankhwala, ndipo iye ndiye angasunge tsiku limene mankhwalawo adzatha mphamvu.

Koma timizele wamba ta pa sopo kapena pa thumba la mbeu tilibe zonsezo. Ndi dzina cabe la katundu lolembedwa m'manambala. Mtengo suli m'timizeleto. Uli mu kompyuta ya mwini sitolo, ndiye cifukwa cake botolo limodzimodzi ligulidwa mosiyana ku Katete ndi ku Lusaka. Tsiku lothela nalonso mulibe. Wogula ayenela kulifuna yekha pa cikuto.

Apa ndiye pamene mlimi angapusitsidwe. Wakuba angathe kujambula barcode ya kampani yodziwika ndi kuisindikiza pa thumba lodzala cimanga ca m'nkhokwe copakidwa utoto, ndipo makina adzalila bwino lomwe monga alilila pa mbeu yeniyeni. Mlimiyo adzadziwa cinyengoco mvula itapita kale. Cimene cicitila umboni mbeu ndi cizindikilo ca Seed Control and Certification Institute ya ku Mount Makulu, ku Chilanga, pamodzi ndi lisiti locokela kwa wogulitsa wa laisensi, limene mlimi angapite nalo kwa mlangizi ngati mbeuyo yakana kumela.