Kodi mumadziwa? Msipu nawonso umafuna kupuma

Nkhosa ilibe mano akutsogolo a m'mwamba, koma mlomo wake wogawanika pakati umaithandiza kubudula udzu mpaka pafupi ndi dothi. N'chifukwa chake dambo lodyetsedwa tsiku ndi tsiku limasanduka dazi.

Ku Ludzi, m'boma la Mchinji, dzinja likafika minda imadzaza chimanga, mtedza ndi soya, ndipo ziweto zimapanikizana m'madambo kapena kumangiriridwa pachikhomo. Mlimi amene amazula chikhomocho n'kukakhoma pena udzu usanathe, osabwererapo kwa milungu ingapo, amapatsa mizu mpata wophukanso. Zitosi zotsala pamalopo zimasanduka manyowa.

Phindu lina ndi la thanzi. Tiana ta njoka zam'mimba timakonda kukhala kunsi kwa udzu wonyowa, choncho nkhosa yodya mpaka pansi imatimeza tambiri. Ikagwidwa nazo imawonda, ndipo m'kati mwa chikope chake mumayera chifukwa chochepa magazi.

Mfundo yopumitsa msipu anailongosola André Voisin wa ku France m'buku lake la mu 1957. Ku Zimbabwe, Allan Savory anathandiza kukhazikitsa Africa Centre for Holistic Management pafupi ndi Victoria Falls mu 1992, kumene amaphunzitsa kuweta mosunthasuntha.

Chilimwe nachonso chili ndi njira yake. Masangwi a mtedza oumitsidwa pamthunzi n'kusungidwa pathandala ndi chakudya chomanga thupi, monganso zipatso za mtengo wa msangu, zimene zimayoyoka msipu utauma.