ANAMWINO A M'CHIPULULU CHA AUSTRALIA NDI MAPHUNZIRO AWO

Mwezi uno tifuna kukutengerani kutali, kutsidya kwa nyanja yaikulu, ku dziko la Australia, kuti mumve za anamwino amene atumikira m'midzi ya eni dziko, ndi za maphunziro amene awakonzera ntchito yotereyi. Mutu wa nkhani yathu ndi funso limene livuta maiko ambiri: munthu akadwala kumene kulibe dotolo, adzamchiza ndani, ndipo womchizayo adzaphunzira kuti?

Dziko lake ndi anthu ake

Pakati pa Australia pali dziko louma, la mchenga wofiira ndi tchire lalifupi, kumene munthu angayende maola ambiri pa galimoto osaona mudzi. Chigawo chotchedwa Northern Territory n'chachikulu kwambiri, pakuti chipitirira masikweya kilomita 1,300,000, koma anthu ake ali ngati 250,000 okha; ndipo mwa anthu khumi alionse, pafupifupi atatu ndi Aaborijini, ndiwo eni dziko amene makolo awo anakhalamo zaka zikwi zambiri Azungu asanafike. Ali ndi zinenero zawo zambiri, monga Warlpiri, Arrernte, Pintupi ndi Pitjantjatjara. Midzi yawo ili patali patali. Mudzi wa Kintore, mwa chitsanzo, uli pa mtunda wa makilomita oposa 500 kumadzulo kwa Alice Springs, kumene kuli chipatala chachikulu.

M'mudzi wotere mupezeka kachipatala kakang'ono ndi anamwino owerengeka, ndipo m'midzi yambiri dotolo angobwera pa masiku ake nabwereranso. Zoona, kuyambira chaka cha 1928, pamene John Flynn anayambitsa ntchito ya madotolo oyenda pa ndege ku Cloncurry, wodwala kwambiri akhoza kutengedwa pa ndege. Koma ndege ifika patapita maola, ndipo mvula ikagwa misewu ndi mabwalo a ndege zitsekeka. M'maola onse aja moyo wa wodwala uli m'manja mwa namwino.

Nthenda za kumeneko nazonso n'zolemetsa. Nthenda ya shuga ndi ya impso zigwira anthu akali anyamata. Ana ambiri atuluka mafinya m'makutu, nagontha asanaphunzire kuwerenga. Palinso nthenda ya mtima imene iyamba pang'onopang'ono: mwana amva zilonda pakhosi kapena pakhungu, ndipo zikapanda kuchizidwa, thupi lake polimbana ndi tizilombo tija liwononganso zitseko za mtima wake womwe. Mwana amene wagwidwa kale ayenera kulandira jakisoni wa penisilini pafupifupi masabata anayi alionse kwa zaka zambiri, osadumpha. Powerenga zaka za 2020 kufikira 2022, boma linapeza kuti eni dziko akhala ndi moyo zaka zoposa 8 kuchepera pa anthu ena a m'dzikomo.

Chiyambi cha maphunziro apamwamba

Namwino wophunzira m'chipatala cha mumzinda azolowera kukhala ndi dotolo pafupi, womuuza dzina la nthenda ndi mankhwala ake. Tsono akafika ku chipululu apeza kuti afunikira kuchita yekha zimene sanaphunzire: kupima wodwala, kuzindikira nthenda, kusoka bala, kuchiritsa mayi woyembekezera usiku. Kwa zaka zambiri anamwino anachita zimenezi ndi mantha, pakuti ngakhale lamulo silinawalole poyera.

Nzeru yophunzitsa namwino kufikira atakhoza kuchiza mwa ulamuliro wake inayamba ku America. M'chaka cha 1965, namwino Loretta Ford ndi dotolo Henry Silver anatsegula maphunziro otere pa University of Colorado, poona kusowa kwa madotolo a ana m'midzi. Namwino wotsiriza maphunzirowa atchedwa pa Chingerezi nurse practitioner.

Ku Australia zinthu zinayenda pang'onopang'ono. Mu 1983 anamwino a kumadera akutali anakhazikitsa bungwe lawo lotchedwa CRANA, kuti mawu awo amveke. Mu 1992 linatuluka buku lotchedwa CARPA Standard Treatment Manual, lolembedwa ndi anthu ogwira ntchito m'midzi momwemo, limene lilongosola mwachidule zizindikiro za nthenda, mankhwala ake ndi nthawi yoyenera kuitana dotolo pa lamya. Mu 1999 Flinders University pamodzi ndi yunivesite ya ku Darwin zinatsegula nyumba ya maphunziro ku Alice Springs, dzina lake Centre for Remote Health, kuti ophunzira aphunzire pafupi ndi midzi imene adzaitumikira. M'chaka cha 2000 chigawo cha New South Wales chinaloleza anamwino oyamba kukhala pa udindo umenewu. Mu 2010 boma linayamba kulipirako mtengo wa chithandizo ndi mankhwala amene iwo alembera odwala. Ndipo mu 2024 linachotsa lamulo limene linawakakamiza kukhala ndi pangano ndi dotolo asanalandire malipirowo.

Zimene aphunzira

Njira yake si yaifupi ayi. Woyamba ayenera kukhala namwino wolembedwa m'kaundula wa dziko. Pambuyo pake agwire ntchito yapamwamba maola 5,000 m'zaka 6, ndiponso atsirize digiri ya masitala yovomerezedwa. Ambiri akwera makwerero: ayamba ndi setifiketi, natsata dipuloma, natsiriza ndi masitala. Popeza sangasiye kachipatala kopanda munthu, maphunziro ambiri awalandira pa intaneti, usiku atatha ntchito, nasonkhana masiku owerengeka kuti ayese ndi manja zimene anawerenga, pamaso pa aphunzitsi.

Aphunzira kupima thupi lonse, kuyambira khanda kufikira nkhalamba. Aphunzira za mankhwala mozama: momwe agwirira ntchito m'thupi, amene adana akaphatikizidwa, ndi muyeso woyenera munthu wa impso zofooka, pakuti mankhwala amene achiza wina angaphe wina. Aphunzira kusunga moyo wa munthu wovulala pa ngozi ya galimoto kufikira ndege itatera, ndi kuthandiza mayi amene nthawi yake yafika msanga. Pakuti ngakhale amayi oyembekezera atumizidwa kutauni masabata ochepa asanachire, mwana sawerenga masiku a anthu. Aphunziranso kuyang'anira mudzi wonse monga mbusa aziwerenga nkhosa zake: ndani sanalandire katemera, ndani wadumpha jakisoni wake, ndani shuga wake wakwera. Wotsiriza zonsezi aloledwa kutchula nthenda, kulemba mankhwala, kuitanitsa zopima magazi ndi zithunzi za m'thupi, ndi kutumiza wodwala kwa madotolo aakulu.

Phunziro lovuta koposa

Koma taonani, nzeru za mankhwala pazokha sizikwanira. Namwino angadziwe zonse za m'mabuku, koma anthu akapanda kulowa pakhomo pake, nzeru zake zipindulanji? Eni dziko ali ndi zifukwa zoopera nyumba za boma. Kwa zaka zambiri, kufikira cha m'ma 1970, ana awo analandidwa kwa makolo mwa lamulo, ndipo boma linapepesa poyera mu 2008, pakamwa pa nduna yaikulu Kevin Rudd. Agogo ambiri amene lero atengera adzukulu ku chipatala akumbukira zimenezi.

Chifukwa chake maphunzirowa aphunzitsanso mbiri ndi miyambo. Namwino wa fuko la Amaori ku New Zealand, Irihapeti Ramsden, ndiye anafalitsa chiphunzitso chakuti woweruza ngati chithandizo chili chaulemu ndi wodwala mwini, si namwino ayi. Ndipo chiphunzitsochi chalowa m'maphunziro a anamwino ku Australia. Wophunzira adziwitsidwa kuti m'midzi yambiri za akazi zikambidwa ndi akazi okha, ndi za amuna ndi amuna okha, kotero kuti zipatala zina zili ndi makomo awiri. Adziwitsidwa kuti dzina la munthu womwalira silitchulidwa kwa nthawi, ndi kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayenera kukhala m'chipinda chimodzi. Ndipo mwambo umenewu ife sutidabwitsa, pakuti nafenso tiudziwa. Namwino wosadziwa akawaitanira pa benchi limodzi, mmodzi adzachoka osalandira mankhwala, ndipo namwinoyo adzati anthu awa n'ngamwano, pamene iwo angosunga ulemu. Aphunziranso kulemekeza asing'anga a eni dziko, otchedwa ngangkari, amene m'malo ena agwira ntchito pamodzi ndi zipatala.

Mphunzitsi wamkulu pa zonsezi ndi wazaumoyo wa Chiaborijini, mwana wa mudzi womwewo, wodziwa chinenero ndi mabanja onse. Kuyambira 2012 ena mwa antchito amenewa alembedwa m'kaundula wa dziko, monga momwe alembedwera anamwino. Namwino wanzeru amfunsa iye asanachite kanthu, pokumbukira kuti safunsa anadya phula.

Zotsalira

Tisabise kuti mavuto alipobe. Loyamba ndi lakuti anamwino sakhalitsa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 anaonetsa kuti m'zipatala za boma za kumidzi ya Northern Territory, mwa antchito asanu oyamba ntchito, mmodzi yekha anali pomwepo chitatha chaka. Mlendo ndi mame, anatero akale. Nanga mwana wolandira jakisoni wowawa mwezi ndi mwezi adzakhulupirira bwanji nkhope yatsopano nthawi zonse? Ndipo mayi adzafotokoza kangati nthenda yake kuyambira pachiyambi?

Lachiwiri ndi ngozi ya kukhala wekha. M'mwezi wa Malichi 2016, namwino Gayle Woodford anaphedwa ataitanidwa usiku ali yekha m'mudzi wa Fregon, ku South Australia. Imfa yake inagwedeza dziko lonse, ndipo mu 2017 nyumba ya malamulo ya chigawocho inakhazikitsa lamulo lotchedwa ndi dzina lake, limene linayamba kugwira ntchito mu 2019, lakuti wazaumoyo wa kumadera akutali asapite yekha akaitanidwa mwadzidzidzi kapena usiku.

Pa vuto la kusakhalitsa, ambiri aona kuti mankhwala ake enieni ndi kuphunzitsa eni dziko omwe, pakuti munthu sathawa kwawo. Eni dziko anayamba kale kudzithandiza: anatsegula chipatala chawochawo ku Redfern, mu Sydney, mu 1971, ndi bungwe la Central Australian Aboriginal Congress ku Alice Springs mu 1973, ndipo mu 1997 anamwino a Chiaborijini, motsogozedwa ndi Sally Goold, anapanga bungwe lawo lolimbikitsa ana awo kulowa ntchitoyi.

Anthu a ku Kintore anachita chinthu choyenera kuchikumbukira. Akuluakulu awo odwala impso anali kutengedwa ku Alice Springs kukatsukidwa magazi ndi makina katatu pa sabata, nakhala komweko, kutali ndi abale ndi dziko la makolo, ena namwalira osabwerera. Pamenepo amisiri a mtundu wa Pintupi anajambula zithunzi zazikulu, nazigulitsa ku Sydney m'chaka cha 2000, napeza ndalama zoposa madola 1,000,000 a dzikolo. Mu 2004 makina oyamba anayamba kugwira ntchito ku Kintore, oyendetsedwa ndi anamwino, ndipo okalamba anayamba kubwerera kwawo. Eni mudzi ndiwo anasankha chofunika, namwino wophunzira nabweretsa luso lake, ndipo ntchito inatheka.

Tsono inu makolo amene ana anu afuna unamwino, ndi inu anamwino amene muwerenga tsamba lino mutatopa ndi ntchito, sungani mawu awa: kumene dotolo ali kutali, ndiko kufunika namwino wophunzira koposa, wosapita yekha usiku, ndi wokhalitsa kufikira anthu atamdziwa dzina.