Musanagule PlayStation ina, funsani ngati iwerenge madisiki anu akale

Pa Bangula, kwa Mfumu Yaikulu Mbenje m'boma la Nsanje, dzuwa likafika paliwombo anyamata amathawira m'tizipinda tokhala ndi TV ndi PlayStation. Amalipira gemu iliyonse, wogonja n'kudzuka kupatsa mnzake mpando. Mwini malo akamawerengera mpamba wake amawerengeranso madisiki omwe wakhala akusonkhanitsa kwa zaka, ena ogula ku Limbe, ena otumiziridwa ndi achibale a ku Joni.

Ndiye taganizani makina aja afa. Kutentha ndi fumbi la kuchigwa kuno sizichitira chisoni zamagetsi, osanenanso za madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu 2023. Akagula makina ena, madisiki aja agwirabe ntchito kapena asanduka zokongoletsera khoma?

Yankho lili pa zomwe opanga makinawa amati backwards compatibility, kutanthauza kuti makina atsopano azitha kuseweretsa magemu a makina akale. Sony yakhala ikusinthasintha pa nkhaniyi. PS2 ya mu 2000 inkawerenga madisiki a PS1. Ma PS3 oyambirira a mu 2006 ankawerenga a PS2 chifukwa m'kati mwake anaikamo tizipangizo ta PS2 yeniyeniyo, koma kenaka anatichotsa pofuna kutsitsa mtengo. Ndiye ngati wina akukugulitsani PS3 yopyapyala ija, ya Slim, n'kumalumbira kuti iwerenga madisiki a PS2, akukunamizani. PS4 ya mu 2013 inafika poipa: disiki ya PS3 siigwira n'komwe. Zinakonzeka ndi PS5 mu 2020, yomwe imaseweretsa pafupifupi magemu onse a PS4. Microsoft nayo inayamba mu 2015 kulola magemu ena a Xbox 360 pa Xbox One.

Kwa munthu wa ku London izi ndi nkhani yongokumbukira ubwana. Kuno ndi ndalama. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo wogula PS5 lero sangathenso kugula magemu atsopano asanu tsiku lomwelo. Akakhala ndi FIFA yake ya PS4, makasitomala ayamba kusewera madzulo omwewo. Komanso tinene zoona, ambiri safuna gemu yatsopano, amafuna ija anaizolowera mabatani.

Msampha uli apa: pali PS5 yopanda polowetsera disiki, ndipo Xbox Series S nayonso ilibe. N'zotsikirako mtengo, eya, koma gemu iliyonse muyenera kuikoka pa intaneti, ndipo imodzi yokha imatha kupitirira 50GB. Ndi bandulo ya pafoni? Iwalani.

Choncho m'bale wanu wa ku Joni akakuimbirani ali m'shopu, muuzeni ajambule makinawo mbali zonse, muone kaye ngati pali kakamwa kolowetsera disiki. Ngati mukugula yogwiritsidwa kale ntchito kuno kwathu, pitani ndi disiki yanu m'thumba, muiyese pomwepo musanatulutse ndalama.