Nsalu Yochokera ku Mchenga

Anzathu, tonsefe timaudziwa mchenga wa m'mbali mwa nyanja pano pa Cobue. Timakokerapo mabwato. Timasokerapo maukonde. Amayi amakwechera nawo mapoto. Masana a mwezi wa Okutobala umawotcha mapazi. Koma ndani anaonapo mchenga ukuyaka? Palibe. Sonkhani moto pamchenga usiku wonse. M'mawa mupeza nkhuni zasanduka phulusa, koma mchenga uli momwemo.

Chifukwa chake n'chakuti mu mchenga muli chinthu chotchedwa silika. Timiyala toyera tonyezimira tija ndito silika. Silika sayaka, ndipo sasungunuka msanga.

Kutentha timakuyeza ndi madigiri. Tiyeni tiwerengere limodzi manambala awa. Madzi amawira pa madigiri 100. Nayiloni, monga wa maukonde athu, amasungunuka asanafike pa madigiri 270. Aluminiyamu, chitsulo chopepuka cha mapoto, amasungunuka pa madigiri 660. Chitsulo cha khasu chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500. Koma silika amadikira mpaka pafupifupi madigiri 1,700.

Anthu ataona zimenezi anapeza njira yopangira nsalu kuchokera ku mchenga. Kufakitale amasakaniza mchenga woyera ndi zinthu zina, n'kuusungunula m'ng'anjo kuti ukhale galasi lamadzimadzi. Galasilo amalitulutsira m'timabowo ting'onoting'ono. Limatuluka ngati ulusi wowonda kuposa tsitsi. Ulusiwo amawomba nawo nsalu. Kenaka nsaluyo amaiviika mu asidi. Asidi amadya zosakaniza zija, n'kusiya silika. Pa magawo 100 a nsaluyo, pafupifupi magawo 96 amakhala silika. Nsalu yotere imapirira madigiri 1,000 osayaka.

Kodi imagwira ntchito yanji? Wowotcherera zitsulo amaiyala pansi, kapena kuipachika ngati katani, kuti moto wothetheka usagwere pa mafuta kapena pa matabwa. M'sitima zapamadzi ndi m'mafakitale amakulunga nayo mapaipi otentha. Potero kutentha kumakhala m'kati, ndipo wantchito akakhudza paipi sapsa. Amasokanso nayo magolovesi ndi zophimba za anthu ogwira ntchito pafupi ndi ng'anjo. M'dziko lathu lino, fakitale ya Mozal kufupi ndi Maputo inayamba kupanga aluminiyamu mu 2000. Popanga aluminiyamu, miphika yake imatentha madigiri oposa 900. Pa ntchito yotere malaya wamba sathandiza. Ngakhale chombo cha ku America chotchedwa Columbia, chimene chinapita kumwamba mu 1981, chinakutidwa ndi timatayilosi ta ulusi wa silika kuti chisapse pobwerera.

Nkhaniyi ikutikhudza. Ana athu amapita ku Metangula, ku Lichinga ndi ku Tete kukaphunzira kuwotcherera ndi kukonza mainjini. Ambiri amayamba ntchito atavala malaya a nayiloni. Nayiloni akagwira moto amasungunuka n'kumata pakhungu, ndipo chilonda chake chimakhala chakuya. Thonje limayaka, koma silimata. Choncho pafupi ndi moto, malaya okhuthala a thonje ndi abwinoko kuposa a nayiloni. Izi n'zoona ngakhale kwa ife owamba nsomba, ndi kwa ana owotha moto m'mwezi wa Juni.

Tsono tichenjere pa zinthu zitatu.

Choyamba, nsalu ya silika si mankhwala okhwimira moto. Siyaka, koma kutentha kumadutsabe pang'onopang'ono. Ukagwira chitsulo chamoto nthawi yaitali, dzanja lipsa ndithu. Ikanyowa ndi madzi kapena mafuta siteteza bwino.

Chachiwiri, nsaluyi imakalamba. Ikatenthedwa nthawi zambiri imauma n'kumafumbutuka. Fumbi lake si labwino kupuma. Tikumbukire abambo amene anapita ku migodi ya golide ku Joni. Ambiri anabwerako ndi chifuwa chosatha chifukwa cha fumbi la silika la m'miyala. Podula kapena pochotsa nsalu yakale, tiphimbe mphuno ndi pakamwa.

Chachitatu, tisaisokoneze ndi asibesitosi. Kale mapaipi ankawakulunga ndi asibesitosi. Analinso m'malata otuwa aja a lusalite. Nayenso sayaka, koma ulusi wake ukalowa m'mapapo umayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Boma la Mozambique linamuletsa mu 2010. Tikapeza chokulunga chakale choyera pa paipi, tisachisasanthe. Tisapatse ana kuti aziseweretsa.

Nsalu ziwirizi n'zovuta kuzisiyanitsa ndi maso okha. Dzina la nsalu ndi madigiri amene ingapirire zimalembedwa pa chikalata chake. Wodziwa kuwerenga amaona yekha nambalayo, ndipo amafunsa kapitawo asanayambe ntchito. Kupempha zovala zodzitetezera si ulesi kapena chipongwe. Khungu ndi mapapo sitigula kusitolo.

Tikambirane:

1. N'chifukwa chiyani mchenga suyaka?
2. Lembani manambala awa, kuyambira yaing'ono: 660, 100, 1,700, 270.
3. Mwana wanu wapeza ntchito yowotcherera ku Lichinga. Mumuuza chiyani asananyamuke?